Kapu ya Wubalem

Mayi a khomo loyandikana ndi langa kuno ku Dessie, ku Ethiopia, samwa khofi okha. "Khofi wa munthu mmodzi ndi mankhwala," amatero. Ndiye m'mawa uliwonse amakazinga, kusinja, kufukiza lubani, n'kuika timakapu tiwiri: kena kawo, kena patsogolo pa foni imene mwana wawo Wubalem anawatumizira kuchokera ku Jeddah, ku Saudi Arabia, komwe amagwira ntchito ya m'nyumba. Foniyo amaipukuta ndi nsonga ya mpango ngati nkhope ya khanda. Kuimba sadziwa, amangodziwa kuyankha.

Lamlungu lapitali anandiitana. "Mwanawe, tabwera undiwerengere uthengawu." Wubalem anali atalemba kuti aimba 2 koloko.

Ife kuno timayamba kuwerenga maola dzuwa likatuluka, choncho ola lachiwiri la m'mawa, lomwe kwina amati 8 koloko, linawapeza atavala diresi lawo loyera, udzu wauwisi atayala kale pansi monga mwa mwambo wa khofi. Tinamwa khofi woyamba, wachiwiri, mpaka wachitatu amene timati ndi wa madalitso. Foni ili zii.

"Iwe, kapena yafa? Taigwedeza."

"Ili bwino, amayi."

Inadzalira masana dzuwa litapendeka, patadutsa maola asanu ndi limodzi.

"Amayi, mwakwiyiranji? Si 2 koloko iyi?" anaseka Wubalem. "Fulumirani, abwana abwera pompano."

Foni itaduka, mayi aja anatenga kapu ya Wubalem n'kumwa okha khofi wozizirayo.

"Sanachedwe ayi," anatero, osandiyang'ana. "Ine ndimaopa kuti adzaiwala chiyankhulo. Sindimadziwa kuti munthu amaiwalanso nthawi ya kwawo."