Bondo Langa Silinaoneke pa Tepi

Matipate atangoyamba, mabungwe anabuka ku Salima ngati ngumbi, lililonse likufuna vidiyo yokaonetsa kwa olithandiza. Ine ndinali mphunzitsi, koma ndinali ndi kamera yojambulira maukwati, chimtolo chonyamula paphewa. Bungwe lina la zausodzi linandituma kukajambula chilumba cha Mbenji ndili m'mwamba. Anandikweza kandege kakang'ono, n'kundikhazika pambali pa woyendetsa, bambo wofatsa wa ku Ntcheu.

Pobwerera, matama anandigwira. Mkazi wanga kwawo n'kwa Maganga, ndipo abale ake ankandiyesa mphawi wodya choko. Ndinakuwira bamboyo m'khutu kuti titsikeko pang'ono andione. Anapukusa mutu, ine kukakamira, mpaka analola. Nyumba ya apongozi inaonekera mbali ya woyendetsayo, ndiye ndinamasula lamba n'kudzuka, kamera ili paphewa. Bondo langa linakankha chiwongolero chachiwiri chimene chinali kutsogolo kwanga. Ndege inaweramira pansi, tayala n'kukhula mgwalangwa, ndipo tinakathera m'munda wa mpunga. Tinatuluka amoyo, tili matope okhaokha.

Ofufuza ngozi za ndege anabwera kuchokera ku Lilongwe, ndipo tepi yanga tinaionera limodzi mobwerezabwereza. Inaonetsa manja a bamboyo ali pachiwongolero, iye akumwetulira, kenako mitengo ikutithamangira. Mawu anga anamira m'phokoso la injini. Bondo langa silinaoneke, poti kamera sijambula woinyamula.

Bamboyo anawauza kuti anamva chiwongolero chikukankhidwa. Mmodzi wa ofufuzawo anatembenukira kwa ine.

"Aphunzitsi, chilipo chomwe munakhudza?"

"Tepi ndi imeneyo, bwana. Mwadzionera nokha."

Mantha anandipha. Tsiku la ngoziyo kusukulu ndinali nditanama kuti ndili kumaliro, ndipo m'maso mwanga ndinkangoona ndende. Ofufuzawo anagamula kuti woyendetsa ankachita masewera ndi ndege, namulanda chiphaso. Ine ndinabwerera m'kalasi kukaphunzitsa ana kuti bodza n'loipa. Manyazi ake sanandichoke mpaka lero.

Patapita miyezi ingapo, bamboyo anandipeza kusukulu, atavala jekete lomwe anavala m'ndege muja, koma tsopano likumukhwepa. Sanakalipe, ndipo bola akanakalipa.

"Aphunzitsi, inenso ndinalakwa kukumverani, sindikukana. Koma ofufuza aja akuti mutalemba kalata yonena zimene bondo lanu linachita, mlandu wanga angauonenso. Ana anga asiya sukulu."

"Musadandaule, bambo, ndilemba sabata yomwe ino," ndinatero, ndikuyang'ana nsapato zanga.

Anandigwira dzanja ndi manja awiri, n'kundithokoza ngati ndamupatsa ng'ombe. Ndinamuperekeza mpaka kumsewu, ndikumufunsa za mvula ya kwawo, ndipo anakwera matola akumwetulira.

Pepala ndinali nalo, cholembera ndinali nacho, positi ofesi inali pafupi. Kalatayo sindinalembe.