Pepala la Nyenyezi Yoyenda

Ndinadzuka tambala woyamba asanalire. Kunena zoona sindinagone, ndinangotsamira tsinde la mango pafupi ndi moto umene amuna anasonkha panja pa siwa. Nditatsegula maso ndinayang'ana kumwamba. Kunalibe nyenyezi ndi imodzi yomwe. Mitambo inali itatseka kuchokera ku Namitete mpaka ku Nambuma, ndipo kunkatentha monga kumachitira mvula ikakhala pafupi.

Amene tinkamuika tsiku limenelo ndi mphwanga, mwana wa mlongo wanga. Mwini mbumba ndine. Sukulu ndinalekeza Sitandade 2, ndipo zilembo ndimazikoka ngati ng'ombe pamatope, koma manambala ndimawadziwa chifukwa ndakalamba ndikulemba pa mabelo a fodya. Mawu ndili nawo. Ndikayankhula pa Nsaru, a ku Kabudula amatembenuka. Ndanena zimenezi chifukwa mawu omwewo ndiwo anaputa zonse.

Mphwanga anali mtolankhani woyima payekha. Bwana analibe. Ankatsata nkhani za sayansi ndi makina atsopano pa foni ndi pa wailesi, n'kuzilemba m'Chichewa, n'kuzitumiza ku nyuzipepala ndi ku nyumba zoulutsa mawu. Akazitenga, bwino. Akazisiya, ankalemba ina. Padenga pake panali sola, pambali pa nyumba mlongoti wa nsungwi wokhala ndi waya. Za mbozi zodya chimanga anatichenjeza iye zisanafike m'minda mwathu. Koma chimene ankachikonda koposa ndi nyenyezi ina yoyenda. Ankati si nyenyezi ayi, ndi nyumba yachitsulo imene anthu anaikweza kumwamba, ndipo mumakhala anthu ofufuza zinthu. Imawala madzulo chifukwa kumwambako dzuwa limakhala lisanalowe. Foni inkamuuza tsiku ndi nthawi imene idutse pamwamba pa mudzi wathu. Ankatuluka, n'kuloza, iyo n'kudutsadi.

Ine ndinkanyadira, ndipo kunyada kwanga sikukhala m'mimba. Pamsika, pa bawo, pamowa, ndinkafuula kuti mphwanga akaitana nyenyezi imabwera. Ndinkati, inu ana anu amaitana chiyani, nkhuku? Anthu ankaseka. Iye anandiletsa kangapo. "Atsibweni, sindiitana ayi, ndimangowerenga." Ine osamva.

Ndiye tsiku lina m'mawa anapezeka atagwa kuseri kwa nyumba, foni ili m'manja. Kuchipatala anati ndi kuthamanga kwa magazi, matenda omwe anatenganso mayi ake. Koma mtembo usanafike pamudzi, mphekesera inali itafika kale, yoti wagwa pa ndege yake ya usiku. Wina akafunsa umboni, ankamuyankha kuti atsibweni ake omwe ankanena okha pamsika.

Wakufa samva miseche. Amene ndinkamuda nkhawa ndi mkazi wake. Mayi ameneyu ndi mwana wa matenanti a ku Phalombe amene ankalima fodya pa esiteti ina kuno. Makolo ake anamwalira, esitetiyo inatsekedwa, ndipo kwawoko sanapondeko kuyambira ali wamng'ono. Tinamutenga chitengwa. Pa moto paja ndinamva ndi makutu anga anthu akunong'onezana kuti maliro akatha zipangizo zonse zitenthedwe, ndipo mayiyo anyamule ana ake awiri azipita, poti wogona nyumba imodzi ndi mfiti sangakhale wosadziwa. Azipita kuti, kodi?

Kutayamba kuyera amayi anasonkha moto kuseri, atsikana akubwera ndi ndowa kuchokera ku mjigo. Utsi sunkakwera, unkangoyenda pansi n'kumatilowa m'maso. Adzukulu ananyamula makasu kupita kumanda. Ine ndinkangozungulira. Ndikafika pa nkhuni, ndabwerera. Ndikakhala pa mpando, ndanyamuka. Apo namfedwa uja anatuma mayi wina kudzandiitana. Ndinamupeza pakhomo la siwa, maso atatupa, ndipo anatulutsa pepala m'chitenje.

"Atsibweni, ili analemberatu Lamulungu. Anati ndi lanu, poti mumakonda kukalengeza kumsika."

Linali tsamba la kalendala, walemba kuseri. Masiku, manambala, ndi timivi tosonyeza kochokera ndi kolowera. Ndinapita nalo kuseri kwa nkhokwe, ndikutsata ndi chala. Mzere wachiwiri unali wa tsiku lomwelo, Lachinayi, 6:41 madzulo, kuchokera ku Namitete. Ndinaliwerenga katatu. Kenako ndinayang'ananso mitambo ija, ndipo ndinaitukwana chamumtima.

Anthu anayamba kufika dzuwa lisanakwere. Ena pa njinga, ena pa ngolo, ena pa kabaza. Kunabwera lole yodzaza matenanti a pa esiteti ya kufupi ndi Mpingu, amene ankabwera kwa mphwanga kudzatchajitsa mafoni n'kumafunsa za mvula. Atolankhani anzake awiri anachokera m'tauni pa kagalimoto kofiira. Chikhalire sindinaone khamu lotere pamudzi pathu, koma sikuti onse anabwera kudzalira. Ambiri ankapereka moni maso ali padenga, pa sola paja. Amayi a mpingo ankaimba, inde, koma mphasa zawo anayala patali ndi khomo, ndipo pafupi ndi namfedwa panali malo oti n'kukhala anthu asanu.

Cha m'ma teni ndinapita kumanda kukaona ntchito. Mkulu wa adzukulu ndi msuweni wanga, mnzanga wa ku ubusa. Iyeyu anafika Sitandade 8, ndipo makalata a pamudzi amawerenga ndi iye, atavala magalasi ake a mwendo umodzi womanga ndi ulusi. Ndinapeza dzenje lili m'chiuno, anyamata atakhala pa mulu wa dothi.

"Afika a Chimkuzamawu," anatero. "Tiuzeni, dzenje la woyendetsa ndege limakhala lakuya bwanji? Ife sitinakumbepo."

Anyamata anaseka. Adzukulu ali ndi ufulu wonyoza pamaliro, palibe amene amawaletsa. Koma atanditengera pambali nthabwala inatha. Anati foni, sola ndi mawaya zilowe m'dzenje limodzi ndi mwini wake kapena zipse, ndipo za mayi uja akulu akambirana kale. Ndinamva mawu akukwera pakhosi, aja ogwetsa mbalame mumtengo. Ndinawameza. Ndinangomufunsa ngati magalasi ake wabwera nawo. Anagwira thumba la malaya n'kundiyang'ana modabwa.

Mwambo unayamba masana. Bokosi analitulutsa n'kuliika pa mipando iwiri. Anayankhula a mpingo, anayankhula mnzake wa m'tauni uja, amene ananena zabwino zambiri koma anthu sankamumva chifukwa mawu ake anali aang'ono. Ndiye inafika nthawi ya mwini mbumba. Ine sindifuna makina okuzira mawu.

Ndinanena kumene mwanayo anabadwira, matenda amene anamutenga, ndi ntchito imene ankagwira. Kenako ndinati bodza lija linali langa. Ndinati mwana uyu sanaitanepo kanthu, ankangowerenga zimene anthu ophunzira analemba, ndipo amene ankati amaitana ndine, pofuna kuti muziti banja lathu ndi lapamwamba. Kunena zimenezi pamaso pa anthu amene ndakhala ndikuwanyoza pa bawo kunali kowawa kuposa kuzula dzino. Koma nditayang'ana nkhope zawo ndinaona kuti sizinalowe. Ankaganiza kuti ndikungotchinjiriza mbumba yanga.

Apo ndinatulutsa pepala lija n'kuitana msuweni wanga. Ndinati maso anga ndi okalamba, sukulu ndilibe, atiwerengere mzere wachiwiri munthu wophunzira. Ndimamudziwa bwino. Sangakane kuwerenga pagulu ngakhale atamumanga. Anabwera akupukuta manja, n'kuvala magalasi, n'kukonza pakhosi.

"Lachinayi. Sikisi fote wanu madzulo. Kuchokera ku Namitete, kulowera ku Nambuma."

"Mwamva nonse, eti?" ndinatero. "Mwana uja ali m'bokosi umu, pakamwa potseka. Lero waitana ndi uyu. Ikadutsa, mukatenthe magalasi akewa, ndipo akazi ake anyamule katundu abwerere kwawo ku Msundwe."

Kuseka kunayambira kwa matenanti aja n'kufalikira, ngakhale panali pamaliro. Msuweni wanga sanaseke. Anavula magalasi, n'kuyang'ana kumwamba, n'kundiyang'ana ine.

"Nanga ikapanda kudutsa, asuweni? Ndiye kuti mwini wake wapita nayo."

Kuseka kunathera pomwepo. Ndinali nditaika mayi uja ndi ana ake pa mitambo, ndipo mitamboyo sinali yanga.

Tikunyamuka kupita kumanda kunayamba kuwaza. Adzukulu anasenza bokosi akusinthana, amayi akuimba pambuyo, njira yonse ili matope ofiira. Maambulera anali ochepa, ena anafunda mapepala a pulasitiki, ena masamba a nthochi. Ndimachita manyazi kunena kuti ulendo wonsewo sindinauone bwino. Anthu maso anali pa bokosi, anga anali kumwamba, mpaka ndinaponda m'ngalande n'kugwidwa mkono ndi munthu wosamudziwa. Potsitsa bokosi namfedwa analira mawu amodzi okha, dzina la mwamuna wake. Ndinaponya dothi langa. Za foni ndi sola palibe amene anazitchula, aliyense ankadikira madzulo. Akumaliza kuumba mtumbira, mvula inaleka ndipo kamphepo kanayamba kuchokera kummwera.

Mwa masiku onse anthu akadya amabalalika. Tsiku limenelo ambiri sanachoke. Wina akupopa njinga yosaphwa, wina akufunafuna nsapato imene wavala. Woyendetsa lole analiza hutala kawiri, matenanti osakwera. Amayi anatsuka mbale mochedwa ngati akuziwerenga madontho. Ine ndinayenda kuchoka pa mango kufika pa msewu, kubwerera, kupitanso, mpaka mwendo wanga wodwala uja unayamba kukoka. Ndinayesa kukumbuka ngati mphwanga analakwitsapo nthawi. Ndinayamba kukayika ngati tsikulo linalidi Lachinayi, ndinafunsa anthu awiri.

Dzuwa polowa mitambo inang'ambika kumadzulo. Sikuti kunayera ayi, unali mpata wautali ngati munda umodzi, pamwamba pa mitengo ya bulugamu ya kusukulu. Kwina konse kunali bii. Tinaima pabwalo, nkhuku zitalowa kale. Msuweni wanga anaima pambali panga atagwira wotchi yake kufupi ndi mphuno. Namfedwa sanatuluke. Anakhala pakhomo, mwana wamng'ono ali pamiyendo.

"Yakwana," anatero msuweni wanga.

Kunalibe kanthu. Wina anatsokomola kumbuyo. Ndinamva mayi wina akuti, si tinanena. Ndinayang'ana mpaka maso anachita misozi, ndipo mumtima ndinayamba kale kuganiza za kumene ndingakasiye mayi uja, poti nyumba yanga ili m'mudzi womwewo.

Kenako inatuluka m'munsi mwa mpata uja. Yoyera, yosaphethira, yopanda phokoso, ikuyenda mosathamanga ngati munthu wodziwa kwawo. Inadutsa pamwamba pa bulugamu, n'kukwera, n'kukwera. Manja ambiri analoza nthawi imodzi. Sinakhalitse. Inalowa mumtambo isanafike pakati pa thambo, ndipo amene anali kuseri kwa nyumba sanaione. Koma msuweni wanga anaiona. Anthu onse anatembenukira kwa iye, mmodzi wa matenanti n'kufunsa ngati abweretse machesi a magalasi aja.

"Inetu ndangowerenga," anatero.

Ndinali ndi mawu ambiri okonzeka, oti amveke mpaka ku Chitedze. Atanena zimenezo mawu onsewo anandithawa, chifukwa m'kamwa mwake ndinamva mawu aja a mphwanga. Msuweni wanga anapinda pepala lija bwinobwino, n'kupita pakhomo, n'kunjuta, n'kulipereka kwa namfedwa ndi manja awiri. Anamufunsa motsitsa mawu ngati angabwere Loweruka kudzaona mzere wachitatu. Mayiyo anagwedeza mutu movomera.

Lole inanyamuka, njinga zinatsatira, ndipo pabwalo panatsala phulusa ndi mipando ya ku tchalitchi. Amayi atatu a pamudzi anatenga mphasa zawo n'kukayala m'nyumba, pafupi ndi namfedwa uja. Mwana wamkulu anakwera pa mpando n'kuyatsa babu ya sola monga ankachitira bambo ake, ndipo palibe amene anamuletsa. Foni inali pawindo, ikuwala kamodzikamodzi nkhani zatsopano zikamalowa, popanda woziwerenga. Ndinakhala pakhonde nditavula nsapato zamatope. Mayi uja anandibweretsera madzi n'kufunsa ngati ndikudwala, poti sanandionepo nditakhala chete chonchi. Ndinati ayi, mayi, kagoneni m'nyumba mwanu.