Batani lomwe linandiponya kwa ahedi

Kompyuta inafika pa sukulu ya mishoni pomwe ndinkagwira ntchito yotayipa, chakufupi ndi Bembeke, kutatsala zaka zochepa kuti zipani zichuluke. Anabwera nayo abulaza achizungu, naikonza kuti ikhale ndi mbali ziwiri. Mbali ya ahedi inkatseguka ndi mawu achinsinsi odziwa iwo okha. Mbali inayo inali ya ine ndi akalaliki, ine m'mawa, iwo masana. Kwathuko kunalibe china koma kutayipa makalata ndi kuwasunga pa disiki. Abulaza anatitsimikizira kuti palibe angadutse kupita kwa ahedi, kenaka ananyamuka kupita kwawo kutchuthi.

Akalalikiwo aliyense ankawadziwa. Baji ya chipani siinkachoka pa jekete, ndipo akalowa m'chipinda cha aphunzitsi, nkhani zonse zinkasanduka za nyengo. Chaka chapitacho mphunzitsi wathu wa Jogalafe anatengedwa ndi galimoto ya apolisi choko chili m'manja. Palibe anafunsa mokweza kuti anamunenera ndani.

M'mawa wina mu Juni, chifunga chitakuta mapiri onse, zala zitauma ndi chisanu, ndinaiwala kulowetsa disiki. Nditailamula kuti isunge kalata, kompyuta inalira, n'kundifunsa m'Chingerezi ngati iyesenso kapena isiye. Ine ndi mtima wanga wapachalawu ndinangomenya batani losiya. Galasi linaphethira. M'malo mondibwezera kwathu, linandiponya kwa ahedi, popanda mawu achinsinsi, popanda ndi odi yemwe! Abulaza anadzatifotokozera pambuyo pake kuti pulogalamu yosungayo inkagwira ntchito ndi mphamvu za ahedi, ndiye ukaidula panjira inkakusiya uli nazo mphamvuzo.

Ndikanatha kutuluka. Sindinatuluke, ndivomere. Pamwamba penipeni panali kalata yokhala ndi dzina la mphunzitsi uja. Ahedi analembera akuluakulu a mpingo, kuwapempha kuti afufuze komwe munthuyo akusungidwa, ndipo ananena mosabisa kuti anamugwira wopanda mlandu. Masiku amenewo mawu okhawo anali okwanira kuti galimoto ija ibwerenso.

Mayo ine! Akalaliki ankaiwala disiki pafupifupi sabata iliyonse, kungoti iwo ankadina batani loyesanso. Kunangotsala kuti chala chiterereke tsiku lina. Koma kuuza ahedi kunali kuulula kuti ndawerenga za iwo, ndipo nthawi imeneyo kudziwa kokha unali mlandu. Ndinaima pakhomo pa ofesi yawo, kenaka ndinalowa n'kugwada pafupi ndi tebulo.

"Ahedi, kompyuta yandilowetsa kwanu."

"Yakulowetsani bwanji, mayi? Mawu aja ndinakuuzani ine?"

"Ayi. Tiyeni mukaone nokha."

Ndinawaonetsa kawiri konse. Anakhala pampando wanga, navula magalasi.

"Mwawerenga?"

"Ndawerenga."

Ndinadikira kuti andiuze kuti ndilongedze. Iwo anangofunsa ngati ndauza munthu, ndipo nditakana, anafufuta kalatayo ine ndikuona. "Yeniyeni inapita kale pamanja," anatero. "Iyi ndimangoisunga. Kupusa kwanga."

Kutseka bowo lolowera kwa ahedilo sitinkadziwa tonse awiri. Kuwaletsa akalaliki kompyuta kukanangodzutsa mafunso. Tinangolisiya choncho, kudikira abulaza.

Sipanathe masabata awiri. Ndikudya mbatata yowotcha pakhonde masana, ndinamva akalaliki akuitana: "Mayi, tabwerani! Chinthuchi chandifikitsa kuti?"

Ndinawapeza mphuno ili pagalasi. Anali atazindikira kale komwe ali, musamawaone choncho. Anatsegula makalata imodziimodzi, osasiyako: ndondomeko ya maphunziro, nyimbo za kwaya, pempho la mbewu ya kachewere ya m'munda wa sukulu. Ya kachewereyo anaiwerenga mpaka kumapeto, milomo ikugwedera, ngati muli china chobisika.

"Zomwe amatsekera ahedi athuwa ndi zimenezi?"

"Nanga inu mumati amatsekera chiyani?" ndinawayankha.

Ndinatuluka n'kuzungulira kuseri kwa ofesi. Kumeneko ndinatsamira khoma, ndinaseka mpaka misozi, nditatseka pakamwa ndi chitenje. Mtima wanga sunakhalepo m'malo ngati tsiku limenelo.

Abulaza atabwerako anakonza bowolo tiyi wawo asanazizire. Ahedi anapitiriza ntchito mpaka kupuma, nabwerera kumudzi kwawo ndi miyendo yawo, kukalima. Za kalata ija sitinakambiranepo. Koma chaka chilichonse mpaka pomwe anatisiya, akakumba kachewere, thumba limodzi linkafika pakhomo panga pa njinga, lopanda kalata.