Foni Inaloza Mimba

Mimba yanga yoyamba ndinaiulula ndekha, kwa aliyense amene anandipatsa moni. Inapita padera. Yachiwiri ndinaibisa, koma mayi wina wogulitsa tomato pamsika wa ku Kafue Estates anandiyang'anitsitsa n'kunena pagulu kuti, "Imwe muli na mimba, naona pamaso." Sipanapite nthawi, nayonso inachoka. Azakhali anga atabwera kudzandizonda anandikalipira ndili chigonere. Anati mimba siilozedwa ndipo siitchulidwa mpaka akuluakulu a kuchimuna aione okha n'kubwera kudzakulangiza. Ine ndine wopemphera, kusukulu ndinapitako, ndipo anamwino anandifotokozera zina. Koma munthu ukataya kawiri umamvera aliyense.

Choncho yachitatu itabwera ndinatseka pakamwa. Ngakhale mwamuna wanga sindinamuuze. Iyeyu nkhani imamuyabwa, akanaiuza minibasi yonse asanafike n'komwe ku Shimabala, pafupi pomwepa.

Pakhomo tinkakhala ndi mlamu wanga, mlongo wa mwamuna wangayo. Anali mtsikana wa kukoleji, woimba kutsogolo kutchalitchi, wosakwatiwa. Foni yanga inali itagwera m'ndowa, ndipo ndinali ndi kafoni kamabatani kongoimbira. Yake inali yaikulu, ya intaneti. Ndinkaibwereka masana iye akuphika, ndikunamizira kuti ndikuona masitayilo a chitenje. Koma ndinkafunsa zimene sindikanafunsa munthu. Kodi kunyamula madzi kumachotsa mimba? Nanga msana ukamawawa miyezi yoyambirira? Ndikamaliza ndinkafufuta zonse, foni n'kuibweza ili mbee. Ndinkadziona wochenjera.

Tsiku lina nditatsegula tsamba lake la mchezo, pakati pa zithunzi za anzake a kwaya panatulukira malonda a matewera a ana. Pansi pake panalembedwa m'Chingerezi mawu oyamikira mayi woyembekezera. Ndinayang'ana kukhomo, ndinayang'ana pazenera, ngati kuti wolembayo waima panja. Kunalibe munthu, mlamu ankakazinga kapenta kukhitchini akuimba. Chimene ndinabisira mwamuna wogona naye, chinthu chopanda maso chinali chitachiloza.

Ndinadina timadontho ta pakona n'kusankha kuti malondawo abisidwe. Chinandifunsa chifukwa chake, ngati ndife pachibale! Ndinasankha yankho lililonse. M'mawa mwake kunabwera mabafa a ana. Kenako madiresi otakasuka pamimba, mavitamini, tizovala ta makanda. Ena analemba kuti katundu amabweretsa mpaka pakhomo ku Kafue konkuno. Apo ndiye ndinachita mantha enieni, chifukwa chinthucho chinkadziwanso kumene ndimagona. Ndikabisa amodzi, ena ankabwera, ngati nyerere pa shuga. Ndinasiya kubwereka foniyo poganiza kuti chiiwala. Sichinaiwale.

Loweruka lina mlamu anapita kokonzekera nyimbo. Amayi busa anatenga foni yake kuti aonere nyimbo yatsopano pamodzi ndi atsikana ena. Nyimbo isanayambe, matewera. Atasintha ina, mavitamini a amayi apakati. Mtsikana wina, wodziwa zinthu kuposa msinkhu wake, anafotokozera gulu lonse kuti foni imakuonetsa zimene iwe mwini umafufuza.

Ine izi ndinazimva masana a tsiku lomwelo, nditaona apongozi anga akutsika pachipata ndi chitenje chomanga m'chiuno mwamphamvu. Anachokera kumunda ku Shimabala amayi busa atawaimbira foni. Pambuyo pawo amayi busa, kenako mlamu, maso ali psuu. Mwamuna wanga anazimitsa mpira wa pa TV. Tinakhala pabalaza, ine pansi pafupi ndi chitseko.

Amayi busa anaika foni patebulo n'kuyamba. "Foni siinama, amai. Mwana uyu aimilila kutsogolo, agwila maiki, manje onani vamene vili mu foni yake."

"Ni ya ndani?" apongozi anamufunsa mlamu.

"Nilibe mimba, ba mami," anayankha.

"Manje matewela aya afuna ndani? Ine?"

Mwamuna wanga anayamba kukalipa za fizi ya kukoleji. Anati ngati ndi choncho koleji yathera pomwepo, apite ku Chanyanya kwa amalume akathandize kuyanika nsomba. Amayi busa anati kutsogolo asaimenso mpaka akaulule pamaso pa mpingo. Anthu anagamula mlandu wonse, mboni yake ili foni.

Mlamu sanadziteteze. Anangotembenuka n'kundiyang'ana kamodzi, kenako anagwetsa maso. Ankadziwa amene amabwereka foni yake. Mwina anali atadziwa kalekale, poti ndi iye ankandiona ndikuthawa fungo la kapenta. Ankadziwanso za ziwiri zija, chifukwa ulendo wachiwiri ndi iye anandiperekeza kuchipatala. Koma sananditchule, misozi ikugwera pasiketi.

Ndinkaopa. Ndinene mosabisa, ndinkaopa kuposa tsiku lililonse m'moyo wanga. M'mutu munkangomveka mawu a mayi wa tomato uja ndi zimene zinatsatira. Ndinadziuza kuti apite naye kukliniki Lolemba, akamuyeza aona kuti alibe kanthu, nkhani itha. Koma atsikana a kwaya anali atafika kale kwawo, ndipo ku Estates mbiri yoipa ikatuluka siibwerera ndi pepala la kukliniki.

Apongozi anauza mlamu kuti akalonge zovala. Iye anadzuka.

"Nkhala pansi, mulamu," ndinatero. Mawu anga anatuluka ang'onoang'ono. "Foni nenze kubweleka ndine. Mimba ni yanga."

Kenako amayi busa analumpha n'kululuta. Anthu athu a pemphero sadziwa kuyamika motsitsa. Amayi busawo anandigwira pamimba ndi manja onse awiri, n'kuyamba kupemphera mokuwa, akutchula mimbayo mobwerezabwereza, akuilamula kuti ikhale, akutchulanso ziwiri zinapita zija. Mazenera anali otsegula. Ndinaona mutu wa mayi woyandikana nafe ukusuzumira pampanda. Mwamuna wanga, m'malo mondifunsa kuti ndili bwanji, anali atayamba kale kufunafuna nambala ya mkulu wake.

Apongozi okha sanakondwere. Anadzuka, anatseka mazenera onse, analanda foni m'manja mwa mwana wawo wamwamunayo n'kuiika m'thumba la chitenje. Pemphero litatha anaperekeza amayi busa mpaka pachipata mwaulemu wonse, n'kukhoma.

Atabwerera anandipeza ndili pomwe paja. Anagwada pafupi nane, chinthu chimene anali asanachitepo.

"Nenze naona kudala kuti muli na mimba," anatero motsitsa. "Nenze kuyembekeza chabe kuti ikoseko, ilimbe, nibwele mushe na azimai tikulangizeni. Manje mwaitomola mweka pagulu, mwana wanga."

M'munsi mwa mimba ndinamva kukoka pang'ono, kapena anali mantha chabe, sindikudziwa. Ndinadzuka pang'onopang'ono kupita kuchimbudzi, n'kudzitsekera. Ndinaima nthawi yaitali ndisanalimbe mtima kuyang'ana. Pansi pa chitseko ndinkaona mapazi a anthu awiri, a apongozi ndi a mlamu, ataima osasuntha.

"Shani? Vili bwanji?" apongozi anafunsa.

"Kulibe magazi," ndinayankha.

"Chabwino. Tizaonanso mailo kukacha."

Palibe anachoka pachitsekopo.