Tsiku Limene Abiti Jamali Anakana Makina a pa Bwalo la Ndege

Aliyense wotsika minibasi pa Ulongwe amawadziwa Abiti Jamali, mayi wogulitsa matemba a ku Chiuta uja, amene sapereka mbasela olo muwagwadire. Dzina lawo ndi Lukiya, koma amawaitana choncho ndi amuna awo okha, Che Sufiyani, ogula nandolo. Akhala m'banja zaka makumi atatu, ndipo sikelo yoyamba ya bamboyu inachokera m'matemba omwewa. Nandolo atayamba kulipira, bambo anathokoza bwanji? Anakakwatira mkazi wachiwiri ku Balaka, dzina lake Ilham, msinkhu wa mwana wawo wachisamba.

Nsanje Abiti Jamali sabisa. Ilham akavala nsalu yatsopano m'mawa, pofika masana iwo amakhala atadziwa sitolo yake. Ndiye taganizani tsiku limene Che Sufiyani ananena kuti akupita ku Maka, ndipo wopita naye ndi Ilham. Aaa! Ogula matemba tsiku limenelo anazimva.

Mpata anaupeza kwa Gladys, mnzawo wa tomato, amene mchemwali wake anakwerapo ndege. Gladys anati pa bwalo la ndege pali makina, umalowamo n'kukweza manja, ndipo amuna a yunifolomu amakuona thupi lonse ngati uli kubafa. Zoona kapena zabodza, Abiti Jamali sanafunse. Nkhaniyo anaithira mchere n'kukaipereka kwa bambo pamodzi ndi tiyi.

"Ine ndiye sindikunena kanthu, Che Sufiyani. Koma mwanayu ngwooneka bwino. Mikanda ya m'chiuno akamuwerengera umodziumodzi, inu mutaima pomwepo ndi chipewa chanu."

Bambo anatsamwa ndi tiyi. Masiku atatu anayenda ngati walowedwa linthumbu m'thalauza. Kenako anabwera kumsika nkhope itawala.

"Ndaganiza bwino, Lukiya. Ilham iyayi, sindingalole kuti amuna amuyang'ane. Ndipita ndi inu. Inuyo olo akuoneni palibe vuto."

Gladys anaimba nthungululu. Abiti Jamali anamwetulira, koma mawu aja anawabaya ngati munga wa nsomba. Ulendo anaupeza, inde, koma anaupeza chifukwa amuna awo analibenso nawo nsanje. Zinawawawa kuposa tsiku la ukwati wa Ilham.

Makina aja anakawapezadi kunja, pa bwalo limene ankasinthira ndege. Che Sufiyani analowa, anakweza manja, anatulukira mbali ina n'kucheuka.

"Tiyeni, Lukiya, anthu akudikira."

"Iyayi, ine sindilowa."

"Mwayamba chiyaninso? Ndege itisiya!"

"Itisiye. Ngati inu thupili mulibe nalo ntchito, ine ndili nalo. Andifufuze mzimayi mnzanga."

Mtsogoleri wa gulu lawo la opita ku Maka, amene ankadziwa chilankhulo cha kumeneko, anayesa kuwafotokozera kuti makinawo savula munthu, amangoonetsa kachithunzi ngati kojambula mwana wa sukulu. Abiti Jamali anapukusa mutu. Ankangoyang'ana amuna awo, kuti mwina anene kamodzi kokha kuti asiyeni, amenewa ndi akazi anga. Che Sufiyani ankayang'ana wotchi.

Ndiye mtsogoleri uja anaitana mtsikana wa yunifolomu, ndipo iye anawatengera Abiti Jamali kuseri kwa katani. Anavala magolovesi, anawatambasula manja, n'kuyamba kuwapapasa pang'onopang'ono, mapewa, nthiti, msana. Apa m'pamene Abiti Jamali anazindikira kuti chibwerere Ilham, zaka zisanu ndi chimodzi zathunthu, palibe dzanja limene linawakhudzapo pamsana. Misozi inangoti mbwembwembwe, mayi wosalira ngakhale pamaliro.

Mtsikana uja anadzidzimuka, kuganiza kuti wawapweteka. Anachotsa manja msanga n'kuyamba kupepesa m'chilankhulo chake. Abiti Jamali anamugwira dzanja n'kulibweza pamsana pawo.

"Pitiriza, mwanawe, sunamalize."