Oilo wa Madzi pa Chitunda cha Thabwa

Sukulu ndinaisiyira Fomu 3, ndipo musandifunse chifukwa. Onse amene amandifunsa funso limenelo sanandipatsepo ngakhale bolopeni. Amene anandipatsa kanthu kogwirika ndi malume anga, mlongo wawo wa amayi, ochita geni ya nsomba zowamba pa Bangula. Atagula kagalimoto kochokera ku Japan, kamene kanali katayendako kale m'manja mwa munthu wina wa ku Limbe, anandiitana n'kundiponyera makiyi. Ntchito yanga inali yonyamula anthu pakati pa Bangula ndi Chikwawa, komanso kukwera ndi malumewo ku Blantyre akakhala ndi makatoni a nsomba.

Makiyi amenewa analinso ndi wina wowadikirira. Malume ali ndi mwana wamwamuna, msuweni wanga, wopalasa kabaza pamsika, amene laisensi ali nayo koma woti amupatse galimoto analibe. Mayi ake ndi Msena, ndipo kwa Asena chuma cha bambo chimapita kwa mwana, osati kwa mwana wa mlongo ngati kwathu kwa Amang'anja. Ndikafika madzulo, mayiwo ankaizungulira galimoto kufunafuna pamene yakalika. Malume, pofuna kuti m'nyumba mwawo mukhale bata, anagamula kuti tsiku limene injini idzafere m'manja mwanga, makiyi adzapita kwa mwana wawo ndipo sipadzakhala zokambirana. Ndikanawataya, ndikanabwerera kudimba kukapirikitsa mbalame m'mapira. Zimenezo ndinazichita kale ndipo zinandikwana.

Kuchigwa kuno aliyense ndi katswiri wa oilo, ngakhale amene alibe njinga. Chiphunzitso chake n'chimodzi: kuno n'kotentha, ndiye oilo azikhala wolemera. Makaniko wa pansi pa mtengo amadontheza oilo pachala, kumutikita ndi chala chachikulu, kenako n'kutalikitsa zalazo. Pakatuluka ulusi, ameneyo ndiye oilo. Pakapanda kutuluka, akuti mwagula madzi. Malume anayendetsapo mathirakitala m'minda ya nzimbe adakali mnyamata, choncho pa nkhani imeneyi sankamva za munthu. M'kagalimoto kaja tinkathiramo 20W-50, wonanda ngati uchi, yemweyo amathira m'malole ndi m'zigayo.

Ndipo kankalira ngati chigayo. M'mawa ndikangoliza, mu injini munkamveka ngati wina akugwedeza timiyala m'chitini, kenako n'kukhala bwino pang'ono. Pamsewu kankalemera, petulo kankamwa ngati ng'ombe ya pangolo. Msuweni ankaima ndi njinga yake pambali, kumvetsera ndi nkhope ya chimwemwe, n'kumandifunsa ngati ndayamba kulandira chimanga chogayitsa. Ndinkamuyankha kuti apope kaye tayala lake lakumbuyo. Koma mumtima ndinkadziwa kuti phokosolo likundiwerengera masiku.

Tsiku lina pa siteji ya pa Chikwawa ndinatsegula boneti n'kumapukuta fumbi podikira anthu. Pachivindikiro cha pothirira oilo panali phula lakuda, ndipo nditalikanda ndi chikhadabo panatuluka zilembo: 0W-20. Ndinaitana dalaivala mnzanga amene amayendetsa galimoto yofanana ndi yathu. Anandiseka kuti ndachedwa, zilembozo zikunena oilo wopyapyala ndipo iye anasintha kalekale. Anati injini za masiku ano zili ndi timipata ting'onoting'ono tomwe oilo amayenera kuthamangamo ukangoliza, ndiye ukathira wolemera zitsulo zimayamba zakhulana iye asanafike. Analiza yake kuti ndimve. Inangoti phee, ngati firiji.

Sindinabise. Ndinapita kwa malume n'kuwauza za zilembo zija, ndi kuti oilo wawoyo akupha injini, ndipo ikafa adzanena kuti ndaipha ndine. Anandiyang'ana ngati ndatukwana m'tchalitchi. Anati zilembozo analembera anthu a ku Japan kumene madzi amaundana panja, osati a ku Nsanje kumene abuluzi amathawa mchenga masana. Anati oilo wopyapyala kuno amasanduka nthunzi. Ndinawayankha kuti mkati mwa injini n'motentha kuposa Nsanje, kaya galimotoyo ili ku Japan kaya ili pa Makhanga, komanso kuti iyi si thirakitala. Mawu omalizawo anali osafunika, koma ine kudekha si gawo langa.

Tinakangana mpaka anatopa. Anavomera kuti tiyese oilo wopyapyalayo, koma anaikapo lamulo. Loweruka tinali ndi ulendo wa nsomba wa ku Blantyre. Anati ngati oilo wangayo akauma kapena injini ikatentha pa chitunda cha Thabwa, makiyi ndikapereka pamsewu pomwepo, ndipo msuweni akwera nawo kuti akabweretse galimoto. Unali mwezi wa Okutobala. Anasankha dala.

Oiloyo ndinakagula womata bwinobwino pamalo omwetsera petulo, osati wa m'mabotolo a m'mbali mwa msewu, ndi fyuluta yatsopano. Makaniko atatsitsa wakale, wakuda bii, n'kuyamba kuthira watsopano, anthu anasonkhana ngati pagwa ngozi. Makanikoyo anayesa zala zake, ulusi osatuluka, ndipo anapukusa mutu n'kunena kuti iye wangotumidwa, mlandu si wake. Akazi awo a malume anasuzumira m'chigubu n'kukana m'Chisena chawo kuti, "Nkhabe, amenewa ndi mafuta okazingira mandasi." Anthu anaseka. Ine ndinangoliza injini. Timiyala tija sitinamveke, koma palibe anafuna kumva zimenezo. Wina anati nayenso wodwala amakhala chete akatsala pang'ono.

Loweruka msuweni anafika atavala malaya oyera a manja aatali, ositasita, ngati wopita kukafunsira mbeta. Anati dalaivala weniweni amaoneka ndi zovala. Anakhala kumbuyo pakati pa makatoni a mlamba. Malume anakhala kutsogolo atapanira chigubu cha oilo wolemera pakati pa miyendo, kuti zinthu zikavuta apulumutse galimoto yawo.

Kuchokera pa Bangula msewu ndi woyala, ndipo kagalimoto kankapepuka mwendo moti ndinkachita kukagwira. Phula linkanyezimira ndi kutentha. Malume sankayang'ana msewu, maso anali pa timagetsi ta kutsogolo kwanga. Pa Nchalo anandiuza kuti ndizimitse wailesi kuti amve injini. Titawoloka Shire n'kufika pa Thabwa, msuweni anayamba kuimba mluzu.

Amene sanakwerepo chitunda chimenechi sangamvetse. Msewu umapindika ngati njoka yomenyedwa, malole amakwawa akutulutsa utsi, ndipo a makala amatsika panjinga akukhwekhwereza mapazi. M'mbali mumapeza maminibasi atatsegula injini, kondakitala akuthamanga ndi chigubu cha madzi.  Ndinatsitsa giya n'kukasiya kakwere momwe kakufunira. Tinapitirira lole ya thonje, tinapitiriranso minibasi ina yoima, ndipo kagetsi kofiira sikanayake. Mluzu uja unaleka.

Titayandikira pamwamba, pamalo pamene chigwa chonse chimaonekera pansi, malume anati ndiime. Ndinkaganiza kuti zatha, ndapambana. Iwo anati kusayaka kwa getsi si umboni, magetsi amanama. Tinadikira pang'ono kuti oilo atsikire pansi, kenako anatsegula boneti okha n'kusolola kachitsulo koyezera oilo. Anakayang'ana. Anakatembenuza. Anakakweza kudzuwa.

"Wauma," anatero. "Mulibe kanthu umu."

Moyo wawo wonse malume ankawerenga oilo ndi kuda kwake. Kachitsulo kakatuluka kakuda mpaka pamzere, ndiye kuti zili bwino. Tsopano oilo uyu anali watsopano, wopyapyala, woyera mbee, ndipo padzuwa la masana kachitsulo kankangowala konse kuyambira kunsonga mpaka kumtunda. Msuweni anasuzumira n'kuvomereza msangamsanga kuti nayenso sakuona kalikonse. Malume anali atayamba kale kumasula chivindikiro cha chigubu chawo, ndipo msuweni anatambasula dzanja kwa ine.

"Bweretsa, msuweni. Usadandaule, njinga ndikubwereka."

Ndinapsa mtima. Ndinalanda kachitsulo m'manja mwa malume, chinthu chimene ndinali ndisanachitepo, n'kukapukuta pa buluku langa, kukabwezera mu injini ndi kukasololanso. Ndinafuna chinthu choyera choti ndikagonekepo. Makatoni a nsomba anali a mafuta okhaokha. Chinthu choyera chokhacho pa phiri lonselo chinali mkono wa malaya umene unali utatambasulidwa pamaso panga. Ndinaugwira n'kugonekapo kachitsulo kaja.

Msuweni anakuwa ngati ndamucheka. Nditakachotsa, pamalaya panatsala mzere wachikasu wowongoka bwino. Malume anaika chigubu pansi, anagwira mkono wa mwana wawo kuti asaugwedeze, n'kuyerekeza kachitsulo ndi mzerewo. Unayambira kunsonga n'kukathera penipeni pa kadontho ka pamwamba ka pakachitsuloko, kosonyeza kudzaza. Oilo anali wodzaza monga tinamuthirira pa Bangula.

Malume anayang'ananso mzerewo. Kenako anati mwina ndachita matsenga ndi dzanja, ayese okha. Anapukuta, anaviika, anasolola, n'kuuza msuweni kuti abweretse mkono winawo. Iye anayamba kudandaula kuti malayawo ndi obwereka, koma malume anati akatswiri akamagwira ntchito ana sayankhula. Mzere wachiwiri unafanana ndi woyamba. Apo malume anaseka, kuseka kwenikweni kogwira bondo, mpaka wa makala wina amene ankapuma chapafupi anayamba kuseka nawo osadziwa nkhani.

Sananene kuti ndinalondola. Munthu wamkulu wa kwathu sanena zimenezo kwa mwana wa mlongo wake, makamaka wosiyira sukulu panjira. Anangoti oilo wa Ajapani ndi wamwano, amabisala, ndipo kuyambira tsiku limenelo ndiziyenda ndi kansalu koyera m'galimoto. Anatseka boneti n'kunena kuti tinyamuke, ogula nsomba ku Limbe sadikira munthu.

Msuweni, ataima ndi mikono yake ya mizere, anafunsa kuti nanga za makiyi zili pati.

"Makiyi ali ndi dalaivala," anatero malume. "Iwe kwera, ugwire makatoni asagwe."

Ndinaliza injini tonse titakhala, ndipo ndinayatsa wailesi osapempha.