Keke Yosadya Munthu Mmodzi

Chaka chimene ndinkatsuka mbale pa lesitilanti ya Matchaina mumsewu wa Lafayette ku Indianapolis, ine ndi achimwene anga sitinkayankhulana. Iwo ndi namwino ku South Bend, ndipo ndi amene anandiitanitsa kuno kuti ndidzaphunzire. Sukuluyo ndinaisiyira panjira. Atamva, anandinena pamaso pa ana awo kuti ndine chidebe chobooka. Ndinamenya chibakera chitseko cha firiji mpaka chinapindika, n'kunyamula chikwama, ulendo wa ku Indianapolis. Mpaka lero ndimati mawu aja sanali oyankhula ana ali pomwepo.

Alamu ankaimba foni, ine osayankha. Koma mtima sunkakhala m'malo. Ndikaweruka ndinkangozungulira ndi galimoto m'madera a Speedway, Lawrence, kubwereranso, popanda kumene ndikupita.

Mu Seputembala, mayi amene ankaphika m'khitchini muja anagawira aliyense kabokosi kofiira. Anali wachikulire, wamfupi, pakamwa ngati lumo. Tonse tinkawatchula kuti anti, ndipo tinkamvana m'Chingerezi chothyokathyoka, zotsala n'kumalizira ndi manja. M'kabokosimo munali makeke awiri ozungulira, olemera, pamwamba atadindapo maluwa ndi zilembo zawo. Ine njala inali itandipweteka. Ndinatulutsa imodzi n'kuiluma ngati ndasi, chiimirire, pambali pa sinki.

Anti anandigogoda ndi chipande pamkono.

"Amadya choncho ndi galu!"

M'makutu munatentha. Ndinavula epuloni n'kuiponya pansi. "Anti, mundigogodenso muone."

"Ndione chiyani? Uthawa? Sukulu unathawa, mkulu wako unamuthawa. Zatsala mbale zokha."

Anatola epuloniyo n'kundikoleka m'khosi ngati mbuzi. Kenako anandiuza kuti mawa lake mwezi ukhala wathunthu, ndipo kwawo ndi tsiku lalikulu. Keke ija amaiumba yozungulira ngati mweziwo, ngatinso banja likakhala lonse pamodzi. Amaidula zidutswa molingana ndi anthu a m'banjamo, ndipo amene ali kutali amamuwerengera, chake n'kuchiika pambale. Amuna awo anatsala kwawo, koma chaka chilichonse iwo amawadulira. Anati mwambowu unayamba ndi mayi wina amene anamwa mankhwala osafa nawo, thupi n'kupepuka, mpaka anakatera kumwezi. Mwamuna wake anasowa chochita, n'kumangoyala panja zipatso zimene mkaziyo ankazikonda.

"Komanso kumwezi kuli mnyamata wina," anatero anti akuwaza anyezi. "Ankafuna kuphunzira nzeru zosafa. Phunziro lililonse akaliyamba, masiku pang'ono wakwiya, walisiya. Mphunzitsi anatopa naye, anamutumiza kumwezi kuti akadule mtengo. Akatema, bala limatsekeka. Akatema, latsekeka. Mpaka lero ali komweko, yekhayekha, akutukwana."

"Ndiye mukuti ameneyo ndine?"

"Ayi. Uja ali ndi nkhwangwa. Iwe uli ndi siponji."

Khitchini yonse inafa nacho chiseko. Ine sindinaseke. Keke yolumidwa ija ndinaimaliza mwamwano anti akuona, koma inayo ndinaisiya m'bokosi.

Mawa lake sindinali pa shifiti. Kabokosi kaja kanandisowetsa mtendere. Ndikakaika pa tebulo kakundiyang'ana, ndikakabisa m'kabati ndikukaganiza. Masana ndinakaponya pampando wa galimoto n'kulunjika kumpoto, njira ya ku South Bend. Pa tauni ya Kokomo ndinaima pothira mafuta, ndinakhala nthawi ndithu injini ikulira. Funso linali limodzi: achimwene akagwira mpeni, kodi ine adzandiwerengera?

Ndinafika dzuwa likupendeka. Ndinawapeza panja akukoka bini.

"Firiji tinagula ina," anatero. "Wabwera kudzaiona kulimba kwake?"

"Ndabwera ndi keke."

Sindinapepese, iwonso sanapepese. Alamu anandikokera m'nyumba, ana akundilumphira n'kumalongolola Chingerezi chawo. Ndinaika kekeyo pa tebulo n'kufotokoza za anti aja, mosokoneza, mtengo ndi mankhwala zonse pamodzi. Chimene ndinanena bwino n'chimodzi, kuti amadula molingana ndi anthu a m'banja.

Alamu anabweretsa mpeni n'kuupereka kwa amuna awo. M'nyumbamo munkakhala anthu anayi: achimwene, alamu ndi ana awiri. Achimwene anadula mopingasa, anadulanso. Zidutswa zinayi. Dzanja langa linali litalowa kale m'thumba kufuna makiyi, ndipo ndinkayang'ana chitseko cha firiji yatsopano ija.

Iwo sanaike mpeni pansi. Anakoka zidutswa ziwiri n'kuzigawanso pakati, zikunyenyeka.

"Ichi ndi cha amayi ku Ntcheu, chiikeni pa sosala. Ichi cha wophwanya mafiriji."

Chinali chaching'ono, chopotoka. Pakati panali chikasu cha dzira chamchere, chimene ana analavula nthawi yomweyo. Wamng'ono anathamangira pa windo n'kuloza mwezi umene unkatuluka kuseri kwa nyumba za aneba. Ndinamutsitsa mkono, n'kumuuza kuti anti amati woloza mwezi amadzuka khutu litachekeka. Anagwira makutu onse awiri.

Ndinakhala pampando n'kuika chidutswa changa m'kamwa.

"Tsono za sukulu zija," anayamba achimwene, ine ndisanameze n'komwe.

Chibakera chinadzikunga chokha pansi pa tebulo. Alamu anandiponda phazi. Keke ija ndi yomata, simezeka msanga, ndiye ndinapitiriza kutafuna, iwo akuyankhula.